Polycarp kapena Perpetua: tiyambe ndi ndani pophunzitsa?

Mphunzitsi wa katekisimu wofuna kufotokoza chiyambi cha kulemekeza ofera chikhulupiriro angasankhe pakati pa Polycarp ndi Perpetua. Polycarp, episkopi wokalamba wa ku Smyrna (mzinda wa m'dziko lomwe pano ndi Turkey), anaphedwa cha m'ma 155, ndipo akhristu anatola mafupa ake, nawasunga mosamala, n'kupangana zomakumbukira tsiku la imfa yake chaka ndi chaka. Choncho mbiri yake imaonetsa bwino mmene mwambowu unayambira.

Perpetua, mayi wachitsikana woyamwitsa, anaphedwa ku Carthage, mzinda wa kumpoto kwa Africa, mu 203 pamodzi ndi mkhristu mnzake Felicity, ndipo ali m'ndende analemba yekha za bambo ake amene ankamuchonderera kuti akane Khristu. Kwa achinyamata, ndikuona kuti Perpetua amawafika pamtima msanga, ngakhale kuti pa nkhani ya mafupa a oyera Polycarp ndiye woyambira.