Chipatala cha mano chimene chinakana kundizula dzino

Kwa miyezi itatu ndinkadzuka m'mawa nsagwada ya kumanja ikulemera, ndipo ululu wake unkachokera m'tsaya n'kukwera pafupi ndi khutu mpaka m'mbali mwa mutu. Monga timachitira ambirife kuno ku Thyolo, ndinagamula ndekha kuti pali dzino lobowoka, choncho ndinapita ku chipatala china cha mano cholipira, chimene chili m'mbali mwa msewu wochokera ku Limbe kupita ku Mulanje, kuti akandizule dzinolo ndibwerere ku ntchito. Ndinatulukako mano anga onse ali m'kamwa, ndipo n'chifukwa chake ndaona kuti malowa ndi oyenera kuwalemba.

Zodandaulitsa zilipo ndithu. Podikirira pali benchi limodzi lokha, ndipo ngakhale ndinafika 8 koloko m'mawa, ndinaitanidwa itadutsa 10 koloko popanda wondiuza chimene chikuchedwetsa. Chitseko cha chipinda chopimira nachonso n'chopyapyala, moti amene ali panja amamva zonse zimene wodwala akufotokoza.

Koma kapimidwe kake n'kamene kanandigwira mtima. Adokotala, mayi odekha ndi osathamanga polankhula, anayamba ndi kuunika mano ndi kagalasi, n'kugogoda dzino lililonse ndi kachitsulo, koma lobowoka sanalipeze. Kenaka anaika zala pa masaya anga onse awiri n'kunena kuti, "Bambo, talumani mano mwamphamvu." Pomwepo mnofu unatumphuka pansi pa zala zawo, wolimba ngati mwala wa mtsiro. Anandiuza kuti mnofuwo dzina lake ndi masseter, umene umachokera pa fupa la tsaya n'kutsikira pa ngodya ya nsagwada ya m'munsi, ndipo ntchito yake ndi kutseka pakamwa mwamphamvu. Atakanikiza pakati pake cha kumanja, ululu womwe uja wa miyezi itatu unabwera wonse mpaka kukamveka m'dzino limene ndinkafuna kuzulitsa, ndipo manyazi anandigwira pang'ono.

Sanalekere pomwepo. Anandigwiritsa m'mbali mwa mutu, pamwamba pa khutu, kuti ndidzimvere ndekha mnofu wachiwiri wotchedwa temporalis, wotambalala ngati chokupizira moto, umene umakokera nsagwada m'mwamba ndi m'mbuyo. Ina iwiri, medial pterygoid ndi lateral pterygoid, inabisala mkati kuseri kwa nsagwada: woyambawo umathandiza kutseka pakamwa, pamene wachiwiriwo umakokera nsagwada kutsogolo ndi kuthandiza kuyasamula, ndipo ikamagwira ntchito mbali imodzi mosinthana ndi pamene nsagwada imayenda cham'mbali n'kumapera chakudya ngati mphero. Minofu inayi yonseyi imalamulidwa ndi nthambi yachitatu ya mtsempha wochokera ku ubongo wotchedwa trigeminal, ndipo nthambi yomweyo ndi imenenso imanyamula ululu wa mano a m'munsi. Apa m'pamene ndinamvetsa chifukwa chake munthu angaloze dzino labwinobwino pamene wolakwa ndi mnofu.

Anandiuza kuti ndiyasamule n'kulowetsa zala zitatu zoimika pakati pa mano a kutsogolo, popeza munthu wamkulu amayenera kutsegula pakamwa mamilimita pafupifupi 40 kapena kupitirirapo. Ine zinalowa ziwiri zokha, chachitatu chinakana. Asananene za mankhwala anandifunsa ngati ndinadzitemapo ndi khasu kapena kubayidwa ndi msomali masiku apitawo, ngati thupi linatenthapo, ndiponso ngati tsaya linatupapo, chifukwa kafumbata amayamba kawirikawiri ndi kuumitsa minofu yomweyi, ndipo mafinya a pa dzino lomalizira nawonso amatha kutseka pakamwa. Kwa ife amene timakhalira m'minda ya tiyi ndi ya nthochi, mafunso amenewa si ongotayira nthawi, ndipo kwa ine ndi amene anasonyeza kuti mayiwa ntchito yawo amaidziwa.

Gwero la vuto langa linapezeka kuti ndi kukukuta mano usiku, chinthu chimene mayi a kunyumba akhala akundiuza kwa zaka ine n'kumatsutsa. Adokotala anandipatsa galasi n'kundionetsa nsonga za mano zimene zinaperepeseka mpaka kusalala. Kuwonjezera apo ndimatafunira mbali imodzi, ndipo nzimbe ndi chimanga chokazinga sindizipatsa mpata. Chimene sindinkachidziwa n'komwe n'chakuti munthu akangokhala, milomo imayenera kutsekeka koma mano a m'mwamba ndi a m'munsi osakhudzana. Ine ndinkakhala nditaluma tsiku lonse pa desiki.

Thandizo lake linali losafuna ndalama zambiri: kuthowa tsaya ndi kansalu koviika m'madzi ofunda m'mawa ndi madzulo, kusisita mnofuwo ndi zala mozungulira, kudya zofewa monga phala ndi nthochi zophika kwa masabata awiri, ndi kusiya chingamu. Anandilembera ibuprofen wa masiku ochepa, koma atayamba afunsa ngati ndili ndi zilonda za m'mimba. Ndinalipira ndalama ya kupimidwa yokha, yocheperapo poyerekeza ndi imene ndinakonzera kuzulitsa dzino, ndipo ndi malo ochepa olipira amene angabweze ndalama yobwera yokha chotere.

Pali ziwiri zimene ndikanakonda atakonza. Kapulasitiki kovala m'mano pogona, kamene kamateteza mano kuti asaperepeseke, sapanga pamalopo, moti wokafuna ayenera kukwera minibasi mpaka ku Blantyre. Izi sindikuwaimba nazo mlandu kwambiri, poti m'dziko muno maphunziro a digiri ya udokotala wa mano anayamba mu 2019, ndipo akatswiri ndi zipangizo zidakali m'mizinda. Chachiwiri n'chakuti malangizo onse aja anangonenedwa pakamwa, ndipo chithunzi cha minofu chimene chili pakhoma n'cholembedwa m'Chingerezi chokhachokha, pamene kapepala ka m'Chichewa kopita nako kunyumba kakanathandiza agogo amene sangakumbukire zonse.

Nditabwererako patatha masabata atatu ndinadikiranso pa benchi lomwe lija, koma nditayasamula pamaso pa adokotala, chala chachitatu chinalowa, ngakhale mothinana.