Canon Selphy CP1500, kaprinta kondithandiza pa makadi a ukwati

Ine ndimapanga makadi a ukwati ndi timabuku ta zithunzi za chinkhoswe pamanja, ndipo kaprinta aka kandipeputsira ntchito kwambiri. Chithunzi ndimachitumiza kuchokera pa foni kudzera pa Wi-Fi, kenako ndimangodikira kamphindi.

Pepala limalowa ndi kutuluka kanayi. Koyamba kamaika mtundu wachikasu, kenako wofiirira, kenako wabuluu, pomaliza kamakuta pamwamba ndi chophimba choonekera. Chophimbachi ndicho ndimachikonda zedi. Chithunzi chimatuluka chouma kale, ndimachidula ndi sizasi nthawi yomweyo n'kuchimata pa khadi, zala osada ndi inki. Guluu akadontherapo ndimangopukuta ndi kansalu, nkhope ya mkwatibwi ili bwinobwino.

Pepala lake ndi la mamilimita 100 ndi 148, koma pa pulogalamu ya pafoni ndimaika zithunzi zingapo papepala limodzi, n'kudula tizidutswa tomata pa timphatso ta alendo. Paketi ya mapepala 108 imabwera ndi inki yake.

Batire imagulidwa payokha. Amayi anzanga opita nako ku holo kapena ogwira ntchito magetsi akazima, muigulire limodzi.