Bumblebee, knight kapena dragon: goby wanji m'thanki la madzi amchere pang'ono?

Nsomba zitatuzi ndi za mtundu wotchedwa goby, wokonda kukhala pansi pa madzi. Kwawo n'kumathiriro a mitsinje, kumene madzi a mtsinje amasakanikirana ndi a m'nyanja yamchere, koma kawetedwe kake n'kosiyana kutalitali. Musanatengeke ndi maonekedwe, dzifunseni kaye kuti muzidzaidyetsa chiyani.

Bumblebee ndi kamene kamakopa ambiri: mizere yachikasu ndi yakuda ngati njuchi, kutalika masentimita 3 kapena 4 basi. Kwawo ndi ku Thailand, Malaysia ndi Borneo. Thanki la malita 40 limakwana tinsomba 6, ndipo ndi bwino kutiweta tambiri chonchi chifukwa tamphongo timalimbirana malo. Tikakhala tiwiri tokha, kamodzi kamazunza kanzake. Muikemo zigoba za nkhono kapena timapaipi, kalikonse kapeze phanga lake. Zikayenda bwino mudzaona kamphongo katakhala pakhomo kulondera mazira.

Vuto lake ndi pakamwa. Chakudya chouma cha m'mabotolo kamangochiyang'ana mpaka chimire. Kamafuna chamoyo kapena cha mufiriji, monga bloodworm (timphutsi tofiira ta m'madzi) ndi brine shrimp (tizilombo ting'onoting'ono ta m'madzi amchere). Ngati kwanu magetsi amathimathima, cha mufiriji chija chimasungunuka n'kuwonongeka. Mphutsi za udzudzu zimathandiza, timazikonda kwabasi, koma muzizikolola msanga m'ndowamo zisanamere mapiko, mungakangane ndi a neba. Ambiri amene tibumblebee timawafera amanamizira mchere, chonsecho tafa ndi njala.

Knight, dzina lasayansi Stigmatogobius sadanundio, amachokera ku India mpaka ku Indonesia. Ndi wotuwa, wamadontho akuda, ndipo amafika masentimita 8 kapena 9. Sasankha kwambiri chakudya, ambiri amazolowera ngakhale chouma chomira pansi. Awiri amafuna malita 80 kapena kuposerapo, ndi miyala yoti asamaonane nthawi zonse. Kungoti kamwa lake n'lalikulu: mukamusakaniza ndi tibumblebee, mudzadzuka m'mawa tatsala titatu.

Dragon ndiye amandimvetsa chisoni. Gobioides broussonnetii ameneyu kwawo ndi m'matope a m'mbali mwa nyanja ya Atlantic, kuyambira kum'mwera kwa United States mpaka ku Brazil. Thupi ngati mkunga, kamwa lonse mbee, ndiye ogulitsa ena amati ndi chilombo cholusa. Ayi ndithu. Timaso take n'tating'ono moti saona bwino, ndipo amadya pomeza mchenga n'kusefa tizakudya tili mmenemo. Mukamuika ndi nsomba zachangu amagona ndi njala, n'chifukwa chake amadyetsedwa magetsi a thanki atazimitsidwa. Pansi pamafunika mchenga wosalala, osati timiyala tosongoka tomucheka. Mumamugula ali wamfupi ngati cholembera, koma kuchilengedwe amapitirira masentimita 50, choncho thanki losafika mita imodzi ndi masentimita 20 musaliganizire n'komwe.

Za mchere sizisiyana kwambiri. Pa hydrometer kapena refractometer, zida zoyezera kuchuluka kwa mchere, madzi a m'nyanja yamchere amawerenga pafupifupi 1.025. Bumblebee ndi knight amakhala bwino pakati pa 1.002 ndi 1.005, pamene dragon amafuna 1.005 mpaka 1.010. Mchere wake ndi uja wopangira madzi a nsomba za m'nyanja, osati wothira m'ndiwo, chifukwa wa nsombawo umakhala ndi magnesium, calcium ndi zina zosunga pH (muyezo wa asidi m'madzi) pamwamba. Amene munazolowera mbuna musasokoneze: madzi a m'nyanja ya Malawi ali ndi pH yokwera, koma si amchere. Madzi akaphwera ndi kutentha, onjezerani opanda mchere, poti mcherewo suuluka nawo. Ndipo ngati kusitolo nsombayo inali m'madzi wamba, kwezani mcherewo pang'onopang'ono kwa milungu ingapo kuti mabakiteriya oyeretsa madzi a m'fyuluta (chosefera madzi) asafe. Kutentha kukhale madigiri 24 mpaka 28.

Kwa woyamba kumene, ine ndimaloza knight. Bumblebee mutenge pokhapokha mukudziwa kale kumene chakudya chamoyo chizichokera mlungu ndi mlungu. Dragon musiyireni wa thanki lalitali, ngakhale wogulitsa atalumbira kuti nsombayo imakula molingana ndi thanki, imeneyo imangopinimbira.