Poto wa aluminiyamu wosungunula: mmene alili patatha chaka pa mbaula

Mapoto awiri a aluminiyamu a malita 10 akhala akuphika nsima, nyemba ndi ndiwo zina tsiku ndi tsiku, pa mbaula ndi pa mafuwa, kwa nthawi yopitirira chaka. Woyamba ndi wa m'sitolo, wopyapyala, woumbidwa ndi makina, kuchindikala kwake pafupifupi milimita 1. Wachiwiri ndi uja amisiri amapanga posungunula zitsulo zakale n'kuzithira mu chikombole cha mchenga, ndipo pansi pake ndi pochindikala mamilimita 4 kapena 5.

Pa nsima wapambana ndi wosungunulayo, sizofunsanso. Aluminiyamu amafalitsa kutentha kuposa chitsulo chosachita dzimbiri cha stainless kakhumi ndi kupitirira, koma ubwino umenewu umaoneka pokhapokha chitsulocho chikakhala chochindikala. Pa poto wopyapyala moto wa makala umagunda malo amodzi, phala limagwira pakati pomwepo, ndipo nkhoko zimapserera nsima isanapse. Wochindikalayo amagawa kutentha mpaka m'mbali, nkhoko zake zimakhala zofiirira bwino ndipo zimamatuka zokha mukaviika m'madzi. Povundula sagwedezeka chifukwa ndi wolemera, komabe amanyamulika, poti kachidutswa ka aluminiyamu kakamalemera magalamu 2.7, ka chitsulo wamba ka kukula komweko kamalemera magalamu 7.8.

Wopyapyala uja pansi pake panatukumuka m'miyezi yoyambirira. Chimachititsa ndi kumusiya pamoto wopanda kanthu, kapena kuthiramo madzi ozizira ali wotentha kwambiri: pakati pamafutukuka, m'mbali mukukana, chitsulo n'kupindika. Pa mafuwa izi sizivuta, koma pa hotplate poto wotere sakhudza bwino mbale ya moto ndipo amangodya mayunitsi. Zogwirira zake zayamba kugwedera chifukwa mabowo a mariveti akula. Ikani mutu wa riveti pa chitsulo cholimba n'kumenya mbali inayo pang'onopang'ono ndi hamala, zimalimbanso.

Aluminiyamu sachita dzimbiri lofiira chifukwa akakumana ndi mpweya amapanga kakhungu kopyapyala kosaoneka komwe kamamuteteza. Mavuto ambiri amene aoneka pa mapoto onse awiri ayambira pa kuwononga kakhungu kameneka. Soda ndi chidulo zimakasungunula, n'chifukwa chake poto amene mwaphikira therere amada mkati. Kudako si litsiro. Thirani masupuni awiri a madzi a mandimu kapena viniga pa lita iliyonse ya madzi, wiritsani mphindi 10 mpaka 15, poto ayeranso. Zowawasa nazo zimadya chitsulochi zikakhalitsa: supu wa tomato, phala la malambe, bwemba, thobwa lomwe lasasa. Kuphika tomato kwa theka la ola si nkhani yayikulu, koma kugoneka ndiwozo m'poto mpaka m'mawa ndi kumene kumasiya timaenje ndi kakomedwe kachitsulo. Zikapsa, zipakulireni mu mbale ina.

Timaenje tina timachokera ku mchere wothiridwa m'madzi ozizira, womwe umakhazikika pansi osasungunuka. Muzithira madzi atawira. Waya wotsukira mapoto amasiya tizidutswa ta chitsulo m'mikwingwirima, ndipo pakakhala chinyezi, aluminiyamu ndi amene amadyeka pozungulira kachidutswako. Kunja kwa poto kwechani mwaye ndi mchenga mmene mungafunire, koma mkati sopo ndi siponji zakwana. Phulusa lonyowa limagwira ngati chidulo chomwe, lisalowe mkatimo.

Poto wosungunula ali ndi chilema chake chobadwa nacho. Aluminiyamu amasungunuka pa madigiri 660, ndipo ali wamadzimadzi amameza mpweya wa hydrogen wochokera ku chinyezi cha mchenga, makala kapena zitsulo zonyowa. Akamazizira mpweyawo umasiya timabowo m'kati mwa chitsulo. Poto amaoneka wosalala pogula, koma akakwechedwa miyezi ingapo kabowo kamatseguka n'kuyamba kuchucha timadontho pansi. Musanapereke ndalama, dzazani madzi, muumitse kunja, muike pa nyuzipepala youma kwa ola limodzi. Mugogodeninso ndi supuni: wabwino amalira momveka, wamng'alu amalira mogontha. Ndipo musamugwetse pa simenti. Wopyapyala akagwa amangobonyoka, koma wosungunula amang'aluka, chifukwa zitsulo za injini zimene amapangira zimakhala ndi silikoni wambiri amene amachititsa kuti zikhale zolimba koma zosapindika.

Nkhani yomwe ikundidetsa nkhawa kwambiri siyioneka ndi maso. Amisiri amasungunula chilichonse chooneka ngati aluminiyamu: mapisitoni, mitu ya injini, zitini za zakumwa, mawaya, zidutswa za marediyeta. Zina mwa izi zimabwera ndi mtovu, womwe umasungunuka pa madigiri 327 okha n'kusakanikira m'chitsulo chonse. Kafukufuku wa mapoto otere ku Cameroon, wofalitsidwa mu 2014, anapeza kuti mtovu umatuluka m'mapotowo akawiritsiramo madzi owawasa, ndipo wina wa mu 2017 anapeza zofanana pa mapoto ochokera m'maiko 10. Mtovu umawononga ubongo wa mwana, ndipo a bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO amati palibe mlingo wake umene ungatchedwe wabwino. Maginito sangakuuzeni kanthu, chifukwa aluminiyamu ndi mtovu zonse sizikokedwa. Chotheka ndi kufunsa mmisiri zimene amasungunula, n'kusankha amene amapatula zitsulo zake, amene amagwiritsa ntchito mapoto akale ndi zotsalira za mafulemu a mawindo, osati chilichonse cha ku garaja. Phala la mwana, makamaka lothira malambe kapena mandimu, ndi bwino liphikidwe mu kapoto ka stainless.

Choncho poto wosungunulayu watsalira pa nsima, mpunga, nyemba ndi kuwiritsa madzi osamba, ndipo pa ntchito zimenezi akuoneka kuti akhala zaka zambiri. Therere ndi ndiwo za tomato wambiri zasamukira kwina. Akadzang'aluka musapite naye kwa owotcherera wamba, ndodo zawo za chitsulo sizigwira pa aluminiyamu. Pamafunika makina apadera owotcherera, otchedwa TIG kapena MIG, okhala ndi mpweya wa argon, ndipo kawirikawiri mtengo wake suchepa poyerekeza ndi wa poto watsopano.