Zojambula pamanja zakale kapena zithunzi za pafoni?

Amene akufuna kudziwa mbalame ndi mitengo ya ku Michiru kapena ku Soche ali ndi njira ziwiri: kudalira zithunzi za pafoni, kapena kutsegula mabuku a zojambula pamanja zakale.

Foni ndi yachangu, ndipo imasunga tsiku ndi malo. Koma pumbwa sadikira munthu. Umamujambula ali pamthunzi, tsamba litabisa chikasu cha kunsi kwa mchira wake, chomwe ndicho chizindikiro chake chenicheni.

Wojambula pamanja ankachita zina. Ankayang'ana chinthucho masiku ambiri, kenako n'kuika papepala limodzi zomwe maso sangazione nthawi imodzi: tsamba la mbawa, duwa lake, chipatso chitang'ambika ndi njere zake zamapiko. Mbalame yaimuna ndi yaikazi ankaziika pambalipambali. Katswiri wojambula mbalame John James Audubon, pakati pa 1827 ndi 1838, anasindikiza zojambula 435 za mbalame za ku America, iliyonse pa msinkhu wake weniweni, utoto wake wopakidwa pamanja. Chondiwawa n'chakuti mbalame zambiri zinkayamba zaphedwa kuti zijambulidwe, ndipo maina omwe makolo athu ankaitanira zinthuzi sankalembedwa kawirikawiri m'mabuku a azungu.

Ngakhale zili choncho, pophunzitsa mwana ine ndingasankhe zojambula pamanja, chifukwa zimamuuza poti ayang'ane. Foni ibwere pambuyo, akafika kuphiri. Ofuna mabuku akale a za dziko lino akayambire ku laibulale ya Society of Malawi ku Mandala House mumzinda wa Blantyre.