Limu la 19, la 25 kapena la 30: zomwe ndaona pa tubeless kuno ku Kasungu

Anzanga atatu andifunsa zofanana mwezi uno wokha, akuti tayala la njinga la tubeless, lija loyenda popanda chubu, agule lalikulu bwanji, nde ndati ndingolemba kamodzi aliyense adziwerengere yekha. Musanafunse za tayala yambani mwayeza limu lanu, ndipo muyeze mkati, kuchoka mlomo uku kufika mlomo uko pomwe tayala limakhala, osati kunja ayi. Malimu ambiri amalembedwa kale, mukaona 622x19C ndiye kuti 622 ndi kukula kwa wilo, chomwe timati 29 chija, 19 ndi mamilimita a mkati. Tayala nalo lili ndi nambala yake, 57-622 ndi 29x2.25, 2.25 yo ndi kutambalala kwa tayala mu mainchi. Za njinga za kabaza musasokoneze, zija ndi 28 x 1½, nambala yake 635, tayala la 29 silikhalapo.

Ndiyambe ndi la 19 chifukwa ndi lomwe linandipweteka mtima. Njinga yanga ndinagula ya kaunjika ku Lilongwe, wogulitsa anatenga tepi nkuyeza limu kunja, nkundiuza kuti akulu ili ndi 25 ikani tayala lililonse. Ine ndinamukhulupirira, ndinagula matayala awiri a 2.4, mavalavu awiri a tubeless, tepi ya mkati yotseka mabowo a masipoko ndi sealant, madzi oyera ngati mkaka aja otseka pobooka. Tsiku lomata tepi ndi pomwe ndinaona chilembo chakuti 19C, tepi yomwe ndinagula inali yotambalala mopitirira mpaka ndinachita kuidula ndi lezala. Matebulo a opanga matayala amalola ndithu tayala lalikulu chonchi pa limu la 19, pamenepo sindinama, koma kulola ndi kwina kuyenda bwino ndi kwina. Tayala linatuluka mimba mbali zonse, pansi popyapyala pamwamba potupa ngati babu la magetsi.

Pa tala wa M1 sizinkaoneka. Vuto linabwera pa msewu wa fumbi wopita ku Lifupa, ndinali nditachepetsa mpweya kufika 22 psi, psi ndi muyeso wa mpweya wa mtayala, kuti ndidutse bwino mumchenga, paja phindu lonse la tubeless lili pamenepo. Pakona ina yotsetsereka tayala lakutsogolo linangopindika, ndinamva kuti fyoo, mlomo wa tayala unasiyana ndi limu kamphindi kochepa, mpweya theka unathawa, sealant wamwazika pa masipoko mchenga nkumatirira pomwepo. Ndinagwa, bondo linasupuka, koma chinandiwawa kwambiri nchakuti kapampu kammanja kanakanika kukhazikanso tayala chifukwa mchenga unali utalowa pa mlomo, popopa mpweya ukungotuluka. Chubu ndinali nditasiya kunyumba poganiza kuti za machubu ndathana nazo. Ndinakankha njinga dzuwa la Okutobala lili pamutu mpaka ndinapeza bambo wina wokonza njinga pansi pa mtengo wa mango, anali ndi chubu chimodzi cha 28, tinachilowetsa chomwecho ndikafike ku boma.

Kuchoka apo ndinkapopa 35 psi kuti lisapindikenso, nde njinga inkangodumphadumpha pa mabampu ngati ndili ndi chubu, ndalama zonse zija ndinalipirira chani?

La 25 ndi lomwe ndili nalo pano ndipo sindilisiya. Ndinaikapo 2.25, tayala limakhala lozungulira bwino, mbali zake zimaima mowongoka, ndimayenda pa 24 psi kutsogolo ndi 27 kumbuyo, mchenga wa ku Chamama kaya miyala ya mmunsi mwa phiri la Kasungu silinapindikepo ngakhale kamodzi. Minga ya mthethe ndimachita kuizula madzulo ndikafika, kabowo kamatsekeka ndikuona. Ubwino wina ndi wakuti limalandira zambiri, 2.1 imakhala, 2.4 imakhalanso, ngakhale tayala lopyapyala la njinga za gravel la mamilimita 45 limakwana, ndipo kwa ife amene timagula tayala lomwe lapezeka osati lomwe tikufuna, zimenezi nzofunika kwambiri.

La 30 sindilinyoza, mnzanga wina ali nalo ndi 2.4 ndipo potsika phiri amagwira nthaka kuposa ine. Koma limafuna tayala la 2.35 kupita mmwamba. Tayala lake litang'ambika anangopeza 2.0, ataliika linaphwatalala pamwamba ngati bokosi, mano a mmbali akukhudza pansi ngakhale poyenda mowongoka, khungu la mmbali lili poyera, pasanathe milungu iwiri mwala unalicheka ndipo sealant satseka chocheka cha mmbali chachikulu choncho.

Kulemera kwa malimuwa sindikambapo, kusiyana kwake simungakumve mutanyamula botolo la madzi.

Ndalama zobisika zili pa sealant. Tayala likakula limamwa wambiri, la 29 limafuna pafupifupi 90 mpaka 120 ml, ndipo ndi kutentha kwa kuno amauma msanga, ine ndimawonjezera miyezi iwiri kapena itatu iliyonse, chonsecho mmashopu a pa boma sindinamupezepo, ndimachita kutumiza munthu ku Lilongwe. Tepi nayo igulidwe yoposa mkati mwa limu ndi mamilimita awiri kapena atatu basi. Amene muli ndi malimu opanda ngowe mkati, a hookless aja, musapitirire mpweya wolembedwa pa limu ndi pa tayala, 5 bar, yomwe ndi 72.5 psi, ndi malire a matayala opyapyala, a matayala akuluakuluwa ndi otsika kuposa apo, makamaka mukamakhazika tayala ndi kompresa ya pa filling station, uzani wopopayo aime msanga likangolira kuti pha.

Ngati limu lanu ndi la 19 ndipo ndalama yosinthira palibe, ikani 2.0 kapena 2.1, musatsike kwambiri mpweya, chubu chimodzi chizikhala mthumba. Koma ngati mukumanga wilo latsopano gulani la 25, ndipo popita kokagula mutenge rula yanu muyeze nokha mkati wogulitsa akuona.