Vayisi yozungulira ija ndaiyesa pa timipeni ting'onoting'ono

Anzanga osula mipeni, vayisi (chopanira mpeni poukonza) yapaipi yomwe ndinkailakalaka chaka chonse ndinaigula mwezi watha pa shopu ina kuno ku Joni, mtengo wake unandiluma ndithu koma ndinangotseka maso. Kwa amene simunaionepo, ndi paipi yonenepa, mkati muli tizitsulo tiwiri tomatidwa labala, mumalowetsa mpeni pakati n'kumanga mabawuti, ndiye paipi yonseyo imatembenuka mbali iliyonse osamasula mpeni. Pa mpeni wautali wakukhitchini, popala ndi sandipepa kapena posema chigwiriro, ili bho zedi, palibe chodandaula.

Koma ine ndinaigulira filework, kuja kuzokota msana wa mpeni ndi tupa kuti pazioneka ngati chingwe chopota kapena kamtengo koyanga. Apa ndiye zinavuta. Ndinali ndi kampeni kopinda ka chitsulo chotchedwa N690, kutalika mwina 7cm, kunenepa 3mm, ndipo vayisiyo inangogwira kamchira kokha, kwina konseko kali lende m'malere. Kungodutsitsa tupa yozungulira ya 4mm, ija yonolera cheni ya chainsaw, kampeni kayamba kunjenjemera kakulira kuti tswiii mpaka mano kuyabwa, kenako tupa kudumpha n'kukanda pambali pomwe ndinali nditapala kale bwinobwino. Ndinati mwina sindinamange mokwanira, kumanga kwambiri labala ija inangofinyika, kampeni n'kupendekeka, ndiye timaenje tambali imodzi tikuya kuposa tinzake. Madzulo onse a Loweruka anapita choncho, ndinapsa mtima aise.

Chinandipulumutsa ndi kachitsulo kafulati ka 6mm komwe kanangokhala pansi pa benchi. Ndinakaboola, n'kumanga kampeni pamenepo ndi bawuti kudzera pa bowo lake lomwe la pivot, paja mpeni umapindikira, kunsongako ndinapanikiza ndi kachitsulo kena nditaika chikopa cha lamba wakale pakati kuti pasakandike, msana ukungosuzumira pamwamba pang'ono ngati 4mm basi. Kachitsulo kameneko ndi komwe ndinalowetsa mu vayisi. Eee kusintha kwake! Phokoso lonse zii, tupa ikudya mofewa, ndipo apa ndi pomwe kuzungulira kuja kunaonetsa phindu lake chifukwa ukamaliza timaenje tambali ino umangotembenuza paipi n'kuyamba mbali inayo dzanja lili pomwepo, osadzipotokola khosi ngati ndimachitira pa vayisi wamba. Timizere topyapyala tapakati ndinamalizira ndi katupa ka makona atatu ka Vallorbe, taku Switzerland tija, todula koma timadula mwaukhondo.

Kwa ongoyamba kumene, zokotani chitsulo chikadali chofewa musanachiwotche kuti chilimbe, chikalimba tupa imangoterereka ndipo mungoipha. Yambani mwalemba ndi maka ndi rula, ine ndimasiya 6mm pakati pa timaenje, ndipo matani tepi pa mpeni wonse kusiya msana wokha.

China chondinyansa, tizinyenyeswa tachitsulo timakanirira mu labala muja ndiye ukaiwala kusesa ndi kaburashi mpeni wotsatira umatuluka ndi timikwingwirima. Komanso imafuna kukhomeredwa pa benchi ndi mabawuti, ndinayesa kungoipana ndi kilampu inkasuntha.

Ndiye mugule? Ngati mumapanganso mipeni ikuluikulu gulani, simudzadandaula. Koma ngati ntchito yanu ndi timipeni topinda tokhatokha, vayisi wamba yokhala ndi chikopa m'kamwa kuphatikiza kachitsulo kafulati kaja zikukwanirani, ndalamayo muguliretu matupa abwino. Ndipo nditaiyang'anitsitsa, ndi paipi, mabawuti ndi welding basi, achimwene owotcherera zitsulo kumudzi kuja atha kuipanga tsiku limodzi mutawaonetsa chithunzi. Ndawatumizira kale pa WhatsApp, akuti ndiwauze saizi ya paipi.